Ndinamuphunzitsa ntchito ndine, koma amalandira kundiposa

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndikugwira ntchito ku Germiston kuno ku Joni, pa kampani ina yosunga ndi kutumiza katundu. Mapepala anga ogwirira ntchito ali bwinobwino. Chandisowetsa tulo ndi malipiro.

Anthu kuno akamakamba za kusiyana kwa malipiro amangoti mzungu ndi wakuda. Sakunama, koma pakati pa ife akuda tokhatokha mayi ndiye ali pansi, ndipo zimenezi sizitchulidwa. Pali mnyamata wina, wakuda ngati ine ndemwe, amene ndinamuphunzitsa kuwerenga katundu atangolembedwa ntchito. Mwezi watha anandionetsa yekha payslip yake, pepala losonyeza malipiro, kuti ndimufotokozere za msonkho umene anamudula. Maso anga anagwera pa mzere woyamba. Malipiro ake enieni, tisanawonjezepo ovataimu, amaposa anga, chonsecho udindo wathu ndi umodzi.

Ndikaganiza, vutoli linayambira polowa ntchito penipeni. Pondilemba anandifunsa kuti ndinkalandira zingati kumene ndinachoka. Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba, imene ambiri oigwira ndife amayi akuda. Boma la kuno litakhazikitsa malipiro otsikitsitsa mu 2019, ena linawaikira R20 pa ola, ife a m'nyumba R15 yokha, mpaka mu 2022 pamene anatifananitsa. Ndiye abwana anangowonjezera pang'ono pa kangachepe kanga kaja, ine n'kuthokoza ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo akamakweza ndi peresenti, wa zambiri amapitabe patsogolo, ine ndikutsalira.

Kukabwera maphunziro oyendetsa forklift, kagalimoto konyamulira katundu wolemera, akapitawo amasankha amuna okhaokha, ati imeneyo si ntchito ya azimayi. Koma ndalama zili komweko, ndi ku shifiti ya usiku. Usikuwo ine sindingathe. Wamng'ono amafunika kukamutenga ku kireshi dzuwa lisanalowe, ndipo mayi kutsika taxi pakati pa usiku n'kumayenda wapansi kuno ndi kudziponya m'kamwa mwa fisi. Nditapita kukachira ndinakhala kunyumba miyezi inayi imene lamulo limalola, kampani osandipatsa ngakhale senti, kungodalira za UIF, thumba la boma lothandiza ogwira ntchito malipiro akaima, zomwe sizifika pa malipiro onse. Pobwerera ndinapeza anzanga akwezedwa, ine akuti ndidikire chaka chamawa poti "simunalipo."

Bambo a kunyumba nditawafotokozera anangoti, "Mayi, ndife alendo m'dziko la eni, ingokhalani chete. Komanso mwamuna ali ndi banja loti adyetse." Mawu amenewa anandipweteka kuposa payslip ija. Kodi ine ndilibe banja? Lendi timagawana pakati, ndipo ndalama ya feteleza ya mayi anga ku Ntcheu imachoka m'thumba langali. Mnyamata uja ndi wosakwatira n'komwe.

Mnzanga wina wa m'bungwe la ogwira ntchito wandiuza kuti lamulo la Employment Equity Act la 1998, limene analikonza mu 2014, limaletsa kusiyanitsa malipiro a anthu ogwira ntchito yofanana chifukwa choti wina ndi mkazi, ndipo dandaulo lotere limapita ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, pasanathe miyezi 6. Masiku akutha. Koma kontirakiti yanga imasainidwanso chaka ndi chaka, ndiye ndikuopa kuti adzangoisiya ithe mwakachetechete. Chinanso, mnyamatayu anandionetsa pepala lake pondikhulupirira. Sindikufuna kuti amudule malipiro kapena amuone ngati kazitape. Iye sanalakwe kanthu, ndikungofuna anga afike pomwe pali ake.

Azakhali, ndiyambire kwa abwana kapena ndilunjike ku CCMA? Ndingadandaule bwanji osamutchula mwana wa eniyu? Nanga bambo a ana angawa ndiwalankhule motani kuti andiimire kumbuyo m'malo mondigwira pakamwa?

Ine wanu wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Germiston