Musade nkhawa ndi zithunzi zija amayi

Amayi anga okondedwa,

Moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Ine kuno ku Glasgow ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo isanakwane 5 koloko madzulo kumakhala kutada kale. Lamulungu lomaliza la Okutobala anabweza mawotchi ndi ola limodzi, nde pano tikusiyana maola awiri, muzikumbukira mukamaimba foni.

Achemwali andiuza kuti zithunzi ndinatumiza pa WhatsApp zija zakusowetsani tulo, eti mukuti mwana wanga akukhala pakati pa afiti. Mtima m'malo amayi, ndikufotokozereni bwinobwino. Umenewu ndi mwambo wa kuno wotchedwa Halloween, umachitika pa 31 Okutobala chaka chilichonse. Mafupa a munthu munawaona atakhala pampando panja paja, ziliza zili pakapinga zija, ndi ukonde wa kangaude uja, zonsezo ndi pulasitiki ndi thonje zogula m'mashopu. Nanenso chaka choyamba ndikuchokera ku shifiti ya usiku ndinaima njenjenje pamsewu miyendo itazizira, ndiye sindikukudabwani ayi.

Dzinalo likuchokera ku tchalitchi komwe, limatanthauza madzulo oti mawa lake ndi tsiku la Oyera Onse lija timakumbukira pa 1 Novembala, lisanafike la pa 2 lomwe timapempherera omwe anatisiya. Koma mwambowo ndi wakale kwambiri, anthu a ku Ireland ndi kuno ku Scotland anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain chotsekera zokolola nyengo yozizira ikamalowa, ndipo ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu imayendayenda. Agogo amene ndimawasamalira aja akuti ali mwana kunalibe zamaunguzi, ankaboola turnip, chinthu chozungulira cholimba gwa chomera pansi ngati mbatata, mpaka manja kuchita matuza, nkuikamo kandulo. Maungu anachita kutengera ku America. Ndipo kuno ana sangangogogoda nkulandira switi ayi, amati guising, mwana aimbe kaye nyimbo kapena anene ndakatulo kaya nthabwala ndiye apatsidwe.

Chimodzi chokha sindinachizolowere ndipo sindikuona ngati ndidzachizolowera, kuona kamtsikana kazaka zisanu katavala ngati mfiti, chipewa chosongoka kumutu tsache m'manja, makolo akuseka. Kwathu liwu limenelo si loseweretsa, mukudziwa nokha zomwe zimawaonekera okalamba akangowanamizira. Kuno palibe amene amaganiza zimenezo, koma ine mtima umandigunda ndithu.

Tsopano za galu uja munafunsa kuti ndi chilombo chanji cha miyendo yambirimbiri. Ndi kagalu ka agogowo, koyera, kakang'ono ngati mwana wa mbuzi. Mdzukulu wawo anabwera masana ndi chovala cha kangaude, chakuda, cha miyendo yansalu yolendewera uku ndi uku, anakaveka, kujambula, kuseka, kenako ulendo. Kuno zimenezi nzofala amayi, agalu amawaveka ngati dzungu, ngati mleme, ena mpaka amphaka omwe, ndipo zovalazo zimagulitsidwa m'shopu ngati za ana. Koma ine nditakayang'anitsitsa ndinaona kuti sikali bwino, kanangoima pamalo amodzi osasuntha, makutu atagonera kumbuyo, mchira uli pakati pa miyendo, kakungonyambita pakamwa nkumayasamula, ndipo lamba wake anali atakafinya m'khwapa. Agogowo maso anafooka sanaone zimenezo. Ndinawauza, nde anati vula msanga mwanawe, ndipo nditangomasula kanadzikutumula thupi lonse nkuthamangira pamiyendo pawo. Tinangokamanga kansalu kofiirira pakhosi basi. Mabungwe oona za ziweto kuno amachenjezanso zomwezi, komanso kuti chokoleti ndi mphesa zouma ndi poizoni kwa galu, ndiye mbale ya maswiti ndinaiika pamwamba pa shelefu.

Poyamba ndinkati anthuwa ndalama zawachulukira, ndikakumbukira galu wathu wogona paphulusa kudikira mkute. Koma ndakhala m'nyumba imeneyi miyezi yambiri tsopano, ine ndikaweruka 8 koloko agogowa amatsala okha mpaka m'mawa, chopuma china m'nyumbamo ndi kagaluko basi, amakayankhula ngati munthu. Usiku umenewo anandipempha ndiwakokere mpando pafupi ndi chitseko, bulangete pamiyendo galu pambali, ndipo panabwera magulu asanu ndi awiri a ana, ndinawerenga. Kamnyamata kena kovala nsalu yoyera ngati mzukwa kanaiwala nyimbo pakati, agogo anakamalizira okha mawu akunjenjemera. Chiyambireni ntchitoyi sindinawaonepo akuseka chonchija, anakana kukagona mpaka maswiti anatha.

Vuto latsala ndi la pa 5 Novembala, amaphulitsa makombola a moto usiku wonse pokumbukira Guy Fawkes amene anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ku London mu 1605. Kagaluka kamanjenjemera nkubisala kunsi kwa bedi, ndalonjeza kuti tsikulo ndidzatseka makatani msanga nkukweza wailesi.

Chimene chinandiwawa ndi maungu. Amalikumba dzungu lathunthu, kuliboola maso ndi mano, kuikamo kandulo, pakapita masiku awiri lili m'bini. Ine ndinapempha zam'kati mwa la agogo, nthanga ndinakazinga ndi mchere tinadya tonse, koma dzungulo ndi lamadzimadzi losakoma, silingafanane ndi athu aufa aja. Ndinalakalaka nkhwani wotendera mpaka misozi.

Ya feteleza ndatumiza kwa achemwali, akakutengereni sabata ino mvula isanagwe. Chonde m'mphepete mwa munda wa kumtunda mubzalemo maungu ambiri, ndipo nkhwani wina mudzandifutsire mfutso. Mundiperekere moni kwa amalume ndi ana onse.

Ndine mwana wanu wokusowani.