Kalata kwa mnzanga wa ku Joni: za chotupa cha pakhutu chija

Wokondedwa chemwali wanga,

Ndikhulupirira kuti wadzuka bwino kumeneko. Kuno tili bwino ndithu, mvula inachedwa koma tadzala. Amayi ako ndinaonana nawo Lamulungu kutchalitchi, ali ndi mphamvu, ndipo sindinawauze kanthu monga unandipempha.

Uthenga wa mawu uja unanditumizira pa WhatsApp ndaumvetsera katatu, chithunzi nacho ndachiyang'anitsitsa. Ndasankha kukulembera chifukwa pafoni timangodulana mawu, iwe kuseka, ine kukalipa, mayunitsi n'kutha tisanamvane. Unati kachotupako kali kutsogolo kwa khutu lakumanja, cha m'munsi pomwe nsagwada imathera, n'kolimba ngati mtedza wouma, ndipo papita miyezi 3 chikazindikirireni. Kenaka unamaliza ndi kuti, "poti sikakupweteka, ndingokasiya." Mawu amenewo ndi amene andisowetsa tulo.

Pa zaka zonse ndagwira ntchito ya unamwino, chotupa chofiira, chotentha, chopweteka ukachikhudza sichindiopsa kwenikweni. Kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro choti thupi likulimbana ndi tizilombo, ndipo mankhwala akalowa chimaphwa. Chimene chimandichititsa kuitana dokotala ndi chachete, cholimba, chongokula pang'onopang'ono mwini wake akudya nsima bwinobwino. Sindikunena kuti uli ndi khansa, ayi, ndipo mwayi waukulu ndi woti si khansa. Koma palibe munthu, kaya ine kaya dokotala wamkulu bwanji, amene angadziwe pongoona chithunzi cha pafoni.

Malo amenewo ndi opanikizana, pali zinthu zingapo zoti zingatupe. Chofala kwambiri ndi mwanabere. Kutsogolo kwa khutu, kuseri kwake ndi m'khosi muli timinofu ting'onoting'ono tomwe timasefa tizilombo. Ukadwala khutu, diso, dzino lobooka, zilonda zam'mutu kapena chipere, timatupa. Koma mwanabere wotere amapweteka, ndipo matenda amene anamuyambitsa akatha nayenso amaphwa m'masabata awiri kapena atatu. Wako wadutsa pamenepo kalekale. Matsagwidi nawo tiwachotse, aja amabwera ndi kutentha thupi, tsaya lonse kufufuma, pakatha sabata kapena masiku 10 zatha. Kachotupa ka pakhungu kokhala ndi zoyera zonunkha m'kati kamakonda kuseri kwa khutu, ndipo kamakhala pakhungu penipeni, nthawi zina ndi kadontho kakuda pakati. Chipsera chotupa chija chimamera munthu akaboola khutu kuti avale ndolo umachidziwa, sichibisala. Kutupa kwa fupa la kuseri kwa khutu kumatsatira khutu lotuluka mafinya, ndipo ululu wake sungagone nawo. Zonsezi sizikufanana ndi zimene wandiuza.

Pomwe waloza pachithunzi paja pali chiwalo chopanga malovu, madokotala amachitcha parotid. Chilipo mbali zonse ziwiri, ndipo ndicho chachikulu mwa ziwalo zonse zopanga malovu. Chotupa cholimba, chosapweteka, chokula mwakachetechete pamalo amenewo mwa mayi wa msinkhu wathu, choyamba kuganizira ndi chimene chimatchedwa pleomorphic adenoma. Dzinalo lisakuopse, si khansa. Mabuku amene tinaphunzira amati pafupifupi zotupa 8 mwa 10 za m'chiwalo chimenechi si khansa, ndipo mwa zimenezo ichi ndiye chofala koposa. Pali china chotchedwa Warthin chomwe chimakonda abambo achikulire osuta fodya, icho si chako. Vuto la pleomorphic adenoma ndi loti sichiphwa chokha, mankhwala akumwa sachigwira, chimangokulirakulira, ndipo chikakhala zaka zambiri china chimasanduka khansa. N'chifukwa chake amachichotsa ndi opaleshoni chidakali chaching'ono.

Ukuwakumbukira malume anga a ku Thondwe aja ankapendeketsa chipewa mbali imodzi? Chipewacho chinkabisa chotupa chotere. Chinayamba ngati nsawawa ife tili kusekondale. Kuchipatala chaching'ono chakwathu anawapatsa mapilitsi kangapo, osasintha, iwo n'kutopa. Anapita kwa asing'anga, anawatema mphini pamwamba pake n'kupaka mankhwala akuda, khungu linachita zilonda koma chotupa chili phee. Mmene ndinkawatengera kuchipatala chachikulu ku Blantyre, chinali chitafika ngati lalanje. Zotsatira zinabwera zabwino, sinali khansa. Koma opaleshoni inatenga maola ambiri, ndipo atadzuka pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, diso lakumanzere silinkatsekeka bwino. Tinkawadonthezera mankhwala m'diso ndi kulimata usiku kwa miyezi ingapo mpaka nkhope inabwerera. Dokotala anandiuza kuti akanabwera chidakali ngati nsawawa, ntchito ikanakhala yopepuka kwambiri.

Chimene chinawachitikira malumecho chili ndi chifukwa chake. Mtsempha umene umayendetsa nkhope, woti uzitha kumwetulira, kutsinzina ndi kukweza nsidze, umadutsa m'kati mwenimweni mwa chiwalo cha malovucho, n'kugawikana nthambi 5 ngati zala za dzanja. Dokotala wochotsa chotupa amayamba wapeza mtsemphawo, n'kumausenda mosamala. Chotupa chikakula, mtsempha umakhala utakokeka ndi kupanikizika, ndiye kuulekanitsa kumavuta. Mtsempha womwewo ndiwonso umatichenjeza. Chotupa chosakhala khansa chimangoukankhira pambali, pomwe khansa imaudya. Choncho ima pagalasi lero, mwetulira, tsinzina mwamphamvu, kweza nsidze, fufumitsa masaya. Ngati mbali imodzi ikutsalira, kapena tsaya lachita dzanzi, kapena chotupa chayamba kukula mofulumira, kupweteka, kumatirira osasuntha ukachikankha, kapena pakamwa pakuvuta kuyasamula, usadikire tsiku lopuma kuntchito. Pita tsiku lomwelo.

Pali matenda ena awiri amene ife a kuno ndi a kumeneko sitingawalumphe. Woyamba ndi TB. Anthu amaganiza kuti chifuwa chachikulu chimagwira mapapo okha, koma chimakhalanso mu timinofu ta mwanabere, makamaka m'khosi ndi pafupi ndi khutu, munthu osatsokomola n'komwe. Chotupa chake sichipweteka, chimakhala miyezi, nthawi zina tingapo timamatirirana, kenaka chimafewa n'kuphulika. Chimachira ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo ndi aulere m'zipatala za boma ku South Africa ngati kuno. Ndiye ndiuze zoona: ukutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda? Masiketi ayamba kukhwepa? Thupi limatentha madzulo? Mafunso omwewa amathandizanso kuganizira khansa ya timinofu timeneti yotchedwa lymphoma, yomwe nayo ili ndi mankhwala ikapezeka msanga.

Wachiwiri ndi HIV, ndipo usandikwiyire. Kachilomboka kamatupitsa mwanabere, komanso kamachititsa timatumba ta madzi m'chiwalo cha malovu chija, kawirikawiri mbali zonse ziwiri. Ndaonapo anthu amene chizindikiro chawo choyamba chinali chimenechi, ndipo atayamba ma ARV kutupako kunachepa popanda mpeni. Akakuuza zoyezetsa magazi, vomera. Amauza aliyense wobwera ndi chotupa chotere, si kuti akuona china chake pa iwe.

Tsono ukapite kukiliniki ya boma ya dera lako ndipo ukanene momveka bwino zinthu zitatu: chatha miyezi 3, n'cholimba, sichipweteka. Usakachepetse nkhani monga umachitira, kuti "ndi kanthu kakang'ono chabe." Akhoza kukupatsa mankhwala opha tizilombo kaye, imwa, koma ukamaliza chotupa chikadalipo ubwerere ukapemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu, kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kummero, aja amati a ENT. Kumeneko adzachigwira, adzayang'ana m'khutu, m'kamwa, kummero ndi khosi lonse. Kenaka sikani, yonga ija ya amayi oyembekezera, imene imaonetsa ngati chotupa chili m'chiwalo cha malovu kapena ndi mwanabere, ndiponso ngati m'kati muli madzi kapena mnofu. Siipweteka ngakhale pang'ono.

Chimene chimapereka yankho lenileni ndi kasingano. Amalowetsa singano yopyapyala m'chotupamo, n'kukoka timinofu tochepa kwambiri tokaunika ku labotale. Pachingerezi amafupikitsa kuti FNA, uligwire dzinali kuti ukalimva usadabwe. Ndi mphindi zochepa, sakugoneka, ululu wake ngati wa jakisoni wamba, ndipo ubwerera kunyumba wekha. Zomwe atengazo amathanso kuziyeza TB pa makina a GeneXpert. Zotsatira zimatha kutenga masabata, ndipo nthawi zina amabwereza chifukwa zoyamba sizinakwane, zimenezo zisakudetse nkhawa. Ndamvapo anthu akunena kuti singano imadzutsa chotupa kuti chifalikire. Kasingano kameneka n'kotetezeka, ndipo ndiko kamauza dokotala ngati pakufunika mapilitsi, opaleshoni kapena kungochiyang'anira. Akaona kuti chalowa m'kati kwambiri adzawonjezera sikani ina yoonetsa zam'kati bwino, ya CT kapena MRI, asanakonze opaleshoni.

Chimene ndikukuletsa ndi mtima wanga wonse ndi ichi: usachifinye, usachiboole, usachithowe ndi madzi otentha, ndipo usalole munthu aliyense kuchicheka m'kachipinda kuti "tingochitulutsa pompano," ngakhale atavala gauni yoyera. Pleomorphic adenoma ili ndi kachikopa kopyapyala. Kakang'ambika, timinofu take timamwazikira m'tsaya, ndipo pakapita zaka chimameranso malo ambirimbiri mozungulira mtsempha uja. Opaleshoni yachiwiri ndi yovuta kuposa yoyamba.

Ndikudziwa chimene chikukugwira miyendo. Tsiku limodzi ukajomba abwana amadula malipiro, mzere wa kuchipatala umayamba kusanache, ndiponso nkhani ya mapepala ija imakuchititsa mantha pamalo alionse a boma. Sindikuzipeputsa. Auze abwana ako zoona, kuti namwino wakuuza kuti chotupacho chikufunika sikani, ndipo tenga pasipoti yako ndi mnzako mmodzi wa kutchalitchi wodziwa chinenero cha kumeneko. Zikakanika ndithu, kwera basi ubwere. Ku Queens kuno kuli madokotala a ENT, ndipo ndidzakuperekeza ndekha, udzagona kwanga. Ya basi tidzasonkherana ndi anzathu a kubanki m'khonde, usaidere nkhawa.

Pakali pano tenga kandalama kachitsulo, ukaike pambali pa chotupacho, ujambule. Uzichita zimenezi Lamulungu lililonse ndi kandalama komweko, ndipo zithunzizo uzisunge kuti ukamuonetse dokotala, ine uzinditumiziranso. Ulembenso papepala mwezi umene unachizindikira ndi mankhwala alionse amene wamwa, kuphatikizapo azitsamba.

Ndidzakuimbira Lachisanu madzulo ukaweruka, ndipo ndikufuna udzandiuze tsiku limene wapita kapena limene akupatsa. Ana akupereka moni, wamng'ono uja akufunsabe za nsapato unamulonjeza. Ndikukupempherera usiku uliwonse.

Ine mnzako wa pamtima,
wa ku Zomba