Kusaina kokha sikokwanira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za katundu amene okalamba amapereka ngati mphatso. Ambiri amaganiza kuti agogo akangosaina kapena kudinda chala, nyumba yapita basi. Ayi ndithu. Khoti limafunsa ngati tsiku losainalo woperekayo ankadziwa chimene akupereka, kwa yani, komanso kuti iye mwini atsala ndi chiyani. Ikakhala nyumba yokhayo imene ali nayo, funsoli limakula kuposa akamapereka njinga.

Matenda oiwalaiwala paokha sathetsa mphatso, pakuti masiku ena mutu umagwira bwinobwino. Komatu wolandirayo akakhala yemwe amasamalira wodwalayo, ine ndimakayika. Dokotala aziyamba wamuyeza, kenako loya alankhule naye payekha, wolandirayo ali panja.

Ndine wanu,
Wowerenga wodandaula