Tichenjere ndi ogulitsa ufa wa ma stem cell

Akonzi,

Ndalemba kalatayi chifukwa chokhudzidwa ndi anthu ena mumzinda uno wa Lilongwe omwe akutsatsa pa WhatsApp ndi Facebook timapaketi ta ufa, ati muli ma stem cell ochiza shuga, BP ndi khansa. Dzinali ndi la sayansi yeniyeni, n'chifukwa chake odwala ambiri akukopeka nalo.

Ma stem cell ndi maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) otha kusanduka maselo a mitundu ina, monga a mtima kapena a ubongo. Kale akatswiri ankaganiza kuti selo ikakhwima n'kukhala ya khungu, siingasinthenso. Mu 2006, Shinya Yamanaka wa ku Kyoto University ku Japan adaika majini (genes, malangizo oyendetsa selo) anayi okha m'maselo a mbewa ndipo maselowo adabwerera mwakale, kukhala ngati a mluza. Mu 2007 adachitanso zomwezo ndi maselo a khungu la munthu wamkulu, ndipo mu 2012 adalandira mphoto ya Nobel limodzi ndi John Gurdon, yemwe adachita kafukufuku wake pa achule mu 1962. Chimene chimandisangalatsa ine pa njirayi n'chakuti sipafunika kuwononga mluza kuti apeze ma stem cell, zomwe zinkavutitsa mitima ya anthu opemphera ambiri.

Komabe ntchitoyi ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo pali chifukwa chomveka. Jini imodzi mwa zinayizo, c-Myc, imakhudzana ndi khansa, ndipo maselo osinthidwawo akapanda kukhwima bwino angathe kuyambitsa chotupa m'thupi. Wodwala woyamba, mayi wa vuto la maso, adamuika maselowa mu 2014 mumzinda wa Kobe, madokotala akumuyang'anira mosamala kwambiri. Awa ndi maselo amoyo, olimidwa mu labotale kwa milungu yambiri, ndipo sangakhale mu ufa wosungidwa m'chikwama padzuwa la mu Okutobala. Ngakhale munthu atawameza, m'mimba angagayidwe ngati chakudya china chilichonse.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ena akusiya mankhwala a kuchipatala atawononga ndalama zambiri pa ufawu. Ndikupempha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti lifufuze malondawa, komanso akatswiri a ku Kamuzu University of Health Sciences kuti afotokoze nkhaniyi pa wailesi m'Chichewa, kuti wodwala shuga wa ku Mitundu kapena ku Nsundwe aimve asanagulitse chimanga chake.

Wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe