Lipoti la Msonkhano wa za Ntchito ya Loya wa Milandu ya Mabanja

A Tcheyamani, alangizi ndi ankhoswe anzanga,

Munandituma ku msonkhano wa ku Chipata kumene mayi wina, loya wa milandu ya mabanja, anafotokoza za ntchito yake, ndipo munandipatsa mafunso awiri: njira imene mwana wathu angadzere kuti adzakhale loya wotere, ndiponso pamene ntchito ya loya imakumanirana ndi yathu ya unkhoswe.

Funso loyamba silinatenge nthawi. Mwana akakhoza bwino Giredi 12 amachita digiri ya zamalamulo, kaya ku University of Zambia kapena kuyunivesite ina yovomerezeka, koma digiri yokha simulola kuimira munthu m'khoti. Ayenera kupitanso ku ZIALE, sukulu yophunzitsa ntchito ya uloya ku Lusaka, kumene mayeso ake amagwetsa ambiri ulendo woyamba, ndipo akakhoza ndi kulumbiritsidwa amatenga chiphaso chogwirira ntchito ku bungwe la maloya la Law Association of Zambia chaka ndi chaka. Mayiyo anachenjeza makolo kuti akonzekere ndalama za ZIALE padera, chifukwa ambiri amagulitsa ng'ombe ndi chimanga kulipirira digiri poganiza kuti ulendo wathera pomwepo.

Pa funso lachiwiri ndi pamene panali nkhani, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere bwino. M'dziko muno ukwati uli pawiri. Ukwati wolembetsa pansi pa Marriage Act umathetsedwa ku High Court yokha, motsatira Matrimonial Causes Act ya 2007, ndipo wopempha ayenera kusonyeza kuti banja lasweka kotheratu, kaya chifukwa cha chigololo, khalidwe losapiririka, kuthawidwa zaka 2, kulekana zaka 2 mnzake atavomera kuti banja lithe, kapena kulekana zaka 5 ngakhale mnzakeyo akane. Apa loya amalemba mapepala, amaimirira pamaso pa jaji ndi kulankhula m'malo mwa munthu wake. Koma maukwati athu ambiri ndi a mwambo, a chikamwini, a chitengwa kapena a malowolo, ndipo amenewa amathera ku Local Court, kumene lamulo sililola loya kuimira munthu pa mlandu wa banja. Kumeneko mkazi kapena mwamuna amadzilankhulira yekha, ndipo mboni zimene khoti limadalira kawirikawiri ndi ife ankhoswe.

Choncho ntchito yaikulu ya loya wa mabanja kuno kwathu imachitikira mu ofesi: kulangiza munthu asanapite ku Local Court, ndi kutenga nkhaniyo ikachitidwa apilo kukhoti la majisitireti, kumene loya amaloledwa. Mayiyo anati nkhani zimene zimamudyera nthawi si zothetsa ukwati wokhawo ayi, koma za katundu ndi za ana. Anationetsa chikwama cha pulasitiki chonga chimene anthu amabwera nacho ku ofesi kwake, momwe mumakhala chitupa cha NRC, khadi la kusikelo la mwana, kalata ya malo ndi malisiti ofufutika a simenti ndi malata. Vuto lake ndi lakuti mayi amene anagulitsa tomato pamsika zaka zambiri kuti nyumba ifoleredwe amapeza kuti malisiti onse ali m'dzina la mwamuna, chifukwa ndiye ankapita kusitolo. Pamenepa maloya amadalira chigamulo cha Supreme Court cha mu 2000 pa mlandu wa Chibwe ndi Chibwe, umene unali wa ukwati wa mwambo, pamene khoti linanena kuti pogawa katundu liyenera kuona zimene aliyense anathandiza m'banjamo, ngakhale thandizo lakelo lisakhale la ndalama.

Pa za ana panabuka mkangano, monga mungayembekezere pamene Achewa ndi Angoni akhala m'chipinda chimodzi. Bambo wina anati ana ndi a mwini mbumba, wina nati malowolo akaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Loyayo anayankha kuti khoti limamva za mwambo, koma Children's Code Act ya 2022 imaika patsogolo ubwino wa mwanayo, ndipo kholo limene silikukhala naye silichoka pa udindo womusamalira. Ine ndinaona kuti yankho limeneli silinawafike pamtima akuluakulu ena, koma palibe amene anatha kulitsutsa. Anatikumbutsanso kuti chisinthireni Marriage Act mu 2023, ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka ngakhale utakhala wa mwambo, ndipo nkhoswe amene angaimirire ukwati wotere akudziika yekha m'mavuto.

Ena anafunsa za malipiro. Sanatchule ndalama, koma ananena mosabisa kuti milandu ya mabanja silemeretsa ngati ya makampani, chifukwa amene amafuna thandizo kwambiri ndi amene alibe cholipira, ndipo otere amawatumiza ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu. Anawonjezera kuti ntchitoyi imafuna munthu wosunga chinsinsi ndi wodziwa chiyankhulo cha anthu ake, pakuti mayi amene wamenyedwa safotokoza zakukhosi m'Chingerezi, ndipo loya ayenera kudziwa nthawi yosiya zoyanjanitsa ndi kukapempha khoti chitetezo pansi pa Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011.

Ndikupempha komiti ikambirane zinthu ziwiri pa msonkhano wotsatira. Choyamba, tigule kaundula wolembamo ukwati uliwonse umene taimirira, ndi tsiku, mayina a ankhoswe a mbali zonse ndi zimene zinaperekedwa, popeza ndi zimene Local Court idzatifunsa. Chachiwiri, tisankhe tsiku loitana loyayo kuti adzalankhule ndi ana athu a Giredi 11 ndi 12, pakuti anavomera kubwera malinga tikamulembera kalata nthawi ikadalipo.