Tithandizeni kuti mwana wopanda ndalama ya pati taimu naye akonzekere mayeso

Kwa makolo anzathu, ana a kuno amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhale ku Johannesburg, aphunzitsi amene munapuma pa ntchito, ophunzira a m'makoleji ndi onse akufuna kwabwino.

Landirani moni kuchokera kwa ife a komiti ya makolo ndi aphunzitsi a pa sukulu yathu ya sekondale yoyendera, kuno ku Thyolo, cha kufupi ndi Goliati. Ine amene ndagwira cholembera ndine mlembi wa komitiyi. Zimene muwerenge panozi tinamanga pa msonkhano, amfumu ali pomwepo, ahedi ali pomwepo, pamodzi ndi amayi a mother group.

Nkhani yake ndi ya pati taimu. Belu loweruka likangolira, ana athu amagawikana pawiri. Ena amalunjika pa tauni, m'kanyumba ka lendi komwe mphunzitsi amawadikira ndi choko, amabwereza nawo Masamu, Chingerezi ndi Sayansi mpaka dzuwa litapendeka, mwezi ukatha makolo n'kulipira. Enawo, amene ndiwo ambiri, amafika kunyumba n'kuvula yunifolomu, uyu kudimba, uyu kumjigo, wina kukakhala pa msewu ndi beseni la mapeyala. Onsewa adzakhala m'chipinda chimodzi, pepala la MANEB lake lomwelo, nthawi yake yomweyo, ndipo wochonga mayeso sadzafunsa kuti kwanu kunali ndalama kapena ayi.

Tisanapitirire tinene izi momveka: sitikulimbana ndi aphunzitsi a pati taimu. Ambiri amagwira ntchito yabwino, ndipo wogwira ntchito ayenera kulandira. Sitikudzudzulanso kholo limene limatha kulipira. Ndikanakhala nazo inenso ndikanalipira. Aphunzitsi a pa sukulu yathu nawo akuyesetsa, kungoti kalasi ikadzadza mpaka pakhomo, mphunzitsi mmodzi sangachonge chimangirizo cha mwana aliyense sabata ndi sabata n'kumuonetsa pomwe akuphonya. Chimene chikutipweteka ndi choti kukonzekera mayeso kwasanduka katundu wogula, pamene m'midzi mwathu muno ndalama yolowa ndi ya ganyu. Makolo ambiri amadalira kuthyola tiyi m'maesiteti, ntchito imene imachuluka nthawi ya mvula n'kuchepa chilimwe. Nthochi zimene zinaphunzitsa ambiri a inu zinatha ndi matenda a chisaka, ndipo amene abzalanso sanafike pomwe tinali kale. Minda ndi yaing'ono, nandolo mtengo wake sudziwika. Kholo lotere mukaliuza za ndalama ya pati taimu mwezi ndi mwezi, limangoyang'ana pansi.

Ndikuuzeni chimene chinandikhudza ine mwini. Ndimasunga mwana wa malemu mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 4. Usiku wina ndinadzuka kuti ndikaone mbuzi, n'kupeza kuwala m'chipinda mwake. Anali atakhala pamphasa, atafunda chitenje, tochi ya mabatire ataipana ndi chibwano, akukopera m'kope pepala la mayeso akale a Biology. Pepalalo anabwereka kwa mnzake wopita ku pati taimu, ndipo anayenera kukabweza m'mawa kalasi isanayambe. Linali fotokope ya fotokope inzake, moti chithunzi cha impso chinangotsala chibanga chakuda, mizere yolozera ziwalo osaoneka n'komwe. Ndinamufunsa kuti nanga mayankho ake uwapeza kuti. Iye anati, "Amalume, bola ndikhale ndi mafunsowo. Mayankho ndizifunsa anzanga akamachokera ku pati." Ndinabwerera kukagona koma tulo sitinabwere. Nditakamba nkhaniyi pa msonkhano, zinapezeka kuti pafupifupi kholo lililonse linali ndi yakeyake yofanana nayo.

Ena mwa inu munalemba mayeso kalekale, ndiye tikumbutsane mmene zinthu zilili. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, 9 ndiye kulephera. Mapointi amene timafunsana m'mudzi muno aja amachokera pa kuwonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino. Amene akufuna kupita ku yunivesite ya boma amafunika ma credit asanu ndi imodzi, ndipo pakati pake payenera kukhala Chingerezi. Chingerezicho ndiye mpeni: mwana akachilephera, ngakhale Masamu ndi Agriculture atawakhoza bwanji, satifiketi palibe. Tawaona ana anzeru ndithu, odziwa yankho m'mutu, akugwa chifukwa sanamve chimene funso likufuna. Funso likuti explain, iye wangotchula mawu amodzi. Funso likuti state, iye walemba tsamba lonse, nthawi n'kumuthera mafunso ena asanawakhudze. Ku Masamu wina amalemba yankho lokha osaonetsa njira, osadziwa kuti njirayo ili ndi malikisi ake. Zinthu zoterezi sizifuna labotale kapena magetsi. Zimafuna munthu amene anadutsamo akhale pambali pa mwana, amupatse pepala, amuikire nthawi, achonge, amuuze kuti apa wataya malikisi chifukwa cha ichi. Ndi zimenezi zimene anzawo akugula pa tauni paja.

Palinso mayeso a practical. Ana athu ena amaidziwa burette, chipangizo cha mu labotale choyezera madzi, pa chithunzi cha pa bolodi basi, ndiye tsiku loyamba kuigwira m'manja n'kukhala tsiku la mayeso, manja akunjenjemera. Mabuku ochepa amene tinali nawo ambiri ananyowa pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, denga la chipinda chosungira litasasuka, ndipo amene tinayanika padzuwa masamba ake anamatana.

Chimatipweteka kwambiri ndi ichi. Yunivesite ya MUST ili ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino, ndipo inayamba kulandira ophunzira mu 2014. Usiku kukakhala kopanda nkhungu, ana a m'midzi ina ya kuno amaona magetsi ake ali pakhonde pa makolo awo. Amaona mabasi akubweretsa ophunzira ochokera ku Karonga, ku Kasungu, ku Mangochi, ndipo n'zabwino, sukuluyo ndi ya dziko lonse. Koma mwana wobadwira pomwepa asamangodziwa mpanda wake wokha, kapena kukathera pogulitsa zitumbuwa pa geti. Ifenso tikufuna tidzamve mayina a ana a m'midzi yathu pa mndandanda wa osankhidwa, kaya ndi ku MUST, ku UNIMA, ku MUBAS, ku LUANAR, ku KUHeS kapena ku Mzuni, ngakhalenso ku koleji za uphunzitsi ndi za ntchito zamanja.

Mwana akaona kuti sanakonzeke, amayamba kufunafuna njira zachidule, ndipo akamberembere amadziwa zimenezi. Mayeso akamayandikira pamatuluka anthu pa WhatsApp onena kuti ali ndi pepala lenileni, tumizani ndalama. Mayi wina wa m'mudzi mwathu anagulitsa mbuzi yake imodzi yokhayo kuti mwana wake apeze mapepala otere. Mwanayo anasiya kuwerenga, n'kumaloweza mayankho a mafunso amene sanabwere ndi limodzi lomwe. Tonse tikukumbukira za 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati mu Novembala chifukwa mapepala anabedwa, ana onse m'dziko muno n'kukalembanso mu Januwale 2021, osalakwa omwe. Ife ngati komiti likasa tikulikana ndi mtima wonse. Koma kungomuuza mwana kuti usabere, osamupatsa pogwira, sikukwanira.

Ndiye tagwirizana kuyambitsa maphunziro obwereza aulere. Azichitika Loweruka m'mawa ndiponso masiku a tchuthi, pa sukulu pomwepa. Ahedi avomera kutsekula makalasi awiri. Tiyamba ndi a Fomu 4 ndi a Fomu 2 amene akudikira JCE, pakuti m'mera mpoyamba, mwana amene wasokonekera ku Fomu 2 kumuwongola ku Fomu 4 n'kovuta. Zikayenda tidzaitananso a Sitandade 8 a m'sukulu zoyandikana nafe, amene kusankhidwa kwawo kupita ku sekondale kumadalira mayeso a PSLCE. Amene analephera chaka chatha ndipo akufuna kubwereza, khomo ndi lotsekula. Atsikana amene anabereka n'kubwerera ku sukulu abwere osachita manyazi. Palibe mwana adzabwezedwe chifukwa cha ndalama, yunifolomu kapena nsapato.

Chimene tikupempha koposa zonse si ndalama ayi, ndi anthu. Inu aphunzitsi opuma amene muli m'midzi muno, nzeru zanu sizinapume. Inu ophunzira a ku MUST ndi makoleji ena, amene mayesowa munalemba dzulodzuloli ndipo mukukumbukira pomwe amapinga, tipatseni maola awiri kapena atatu pa Loweruka, ngakhale kamodzi pa mwezi. Simukuyenera kukhala mphunzitsi wa satifiketi. Ngati Masamu amakuyenderani, dzakhaleni ndi ana asanu pansi pa mtengo muwaonetse mmene mumaganizira. Anamwino, alangizi a zaulimi, akalaliki a m'maesiteti, nanunso muli ndi chopereka: mwana akaona munthu wa m'mudzi mwake momwemo amene anakhoza, amakhulupirira kuti n'zotheka kuposa mmene angakhulupirire mawu athu ife makolo. Malipiro tilibe, tisanamizane. Chimene tingathe ndi kukubwezerani ya kabaza ndi kukupatsani chakudya chamasana, ndipo ndalama imene tikupempha kwa ena ndi ya zimenezo.

Kwa inu muli kutali, fufuzani m'masutikesi ndi m'makatoni. Mapepala a mayeso akale a MANEB, mabuku a silabasi imene ikugwira ntchito pano, madikishonale, ma calculator ndi ma instrument amene ana anu anamaliza nawo, zonsezi kuno ndi golide. Amene muli ndi makina a fotokope ku ntchito kapena pa bizinesi yanu, mutatisindikizira mapepala owoneka bwino, oti chithunzi cha impso chizioneka kuti ndi impso, mwatithandiza kwambiri. Makope, zolembera ndi choko sizikwana nthawi zonse. Tikufunanso nyale za sola zing'onozing'ono zoti ana azibwereka ngati buku la mu laibulale, kusaina potenga ndi pobweza, chifukwa nyumba zambiri kuno zilibe magetsi, ndipo mabatire a tochi amadya ndalama ya ndiwo. Ngati pali sukulu kapena koleji imene ingalole ana athu kudzagwira zipangizo za mu labotale tsiku limodzi lokha mayeso asanafike, tidzayenda wapansi kukafika kumeneko.

Za chakudya tisazichepetse. Miyezi imene ana amayenera kulimbikira kwambiri, Januwale ndi Febuluwale, ndi yomwenso nkhokwe zimakhala zitagona. Kenako Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, mwana wachoka kwawo mbandakucha m'mimba mulibe kanthu, juzi alibe, zala zaumiratu moti cholembera sichigwirika. Amayi a mother group adzipereka kuphika phala. Makolo tavomerezana kuti aliyense abweretse chimene angathe, kambale ka chimanga, mtolo wa nkhuni. Chikusowa ndi soya, shuga, mchere ndi mphika waukulu.

Pa msonkhano amayi anafunsa funso limene tonse tinaliona kuti n'lofunika: ana athu aakazi akhala otetezeka bwanji? Tamvapo m'madera ena za anthu amene amayamba ngati akuthandiza mwana maphunziro, mapeto ake mwana ali ndi pakati. Choncho tamanga malamulo. Maphunziro onse azichitikira pa sukulu, masana, chitseko chili chotsekula. Palibe wophunzitsa amene adzaitanire mwana kunyumba kwake kapena kukhala naye awiriwiri. Tsiku lililonse la maphunziro padzakhala amayi awiri a mother group ndi membala mmodzi wa komiti, ndipo ana azinyamuka dzuwa likadalipo. Aliyense wodzipereka adzayamba waonekera kwa ahedi ndi kwa amfumu. Amene mukubwera ndi mtima wabwino tikudziwa kuti simukhumudwa nazo.

Tikudziwanso kuti ambiri munaperekapo ku zitukuko zina n'kusamva komwe ndalama zinapita, ndipo mtima unafooka. N'chifukwa chake sitinalembe pano nambala ya foni ya munthu aliyense yoti mutumizeko ndalama. Wina akakuimbirani kapena kukulemberani kuti tumizani kwa ine m'dzina la komiti, musatumize. Chilichonse chizilandiridwa ku ofesi ya ahedi pamaso pa msungichuma ndi wapampando, chizilembedwa m'buku, wopereka azilandira lisiti. Kutha kwa teremu iliyonse tiziwerenga bukulo pa msonkhano wa makolo ndi kumata pepala lake pa bolodi la zidziwitso. Muli kutali tumani m'bale wanu wa kuno adzapereke m'malo mwanu, atenge lisitiyo akujambulireni.

Amene mukufuna kudzaphunzitsa, bwerani Loweruka lililonse m'mawa, mudzatipeza pa sukulu, mutiuze phunziro limene mungathe ndi masiku amene mungapezeke, kuti tikonze ndandanda. Pakadali pano amene atisowa kwambiri ndi a Chingerezi, Masamu, Physics ndi Chemistry. Mabenchi takonza kale, bolodi tapaka, ndipo ana ayamba kulembetsa mayina.

Ndife anu,
A komiti ya makolo ndi aphunzitsi, mogwirizana ndi amfumu ndi amayi a mother group