Chitsulo chimasungunuka ndithu, bola ng'anjo yake

Akonzi,

Ndipatseniko kampata pang'ono. Loweruka lapitali ndinakangana ndi anyamata ena opanga mapoto kuno ku Chinamwali, iwo akuti chitsulo sichingasungunuke pa ng'anjo yaing'ono, zimenezo n'za mafakitale a ku Joni basi. Ine ndikuti ayi akuluakulu, zimatheka.

Zoona aluminiyamu amene iwo amathira m'chikombole ndi wofewa mtima, pa madigiri 660 wayamba kale kuyenderera. Chitsulo chenicheni chimafuna 1538, pamenepo mbaula siingafike. Koma chitsulo chija chophwanyika ngati mbale chikagwa, cha mabuloko a injini, madiramu a mabuleki, ngakhale ayironi ya makala ya agogo ija, chili ndi kaboni wambiri (chinthu chomwe chija chimapanga makala), kuyambira 2 mpaka 4 pa 100 alionse, ndiye kaboniyo amatsitsa moto wofunika kufika cha m'ma 1200. Chinsinsi chake n'chimenecho.

Ng'anjo yake amati cupola, ndi chimgolo choimirira chomatidwa m'kati ndi dongo losamva moto, mumaponya makala pansi, zitsulo zoswaswa pamwamba, makalanso, zitsulonso, kwinaku fani ikupopera mpweya m'timabowo ta m'munsi, chitsulo chikamadontha chimadutsa m'makala a moto nkumatolanso kaboni wina, kenako mumaboola potulukira nkuchilandira chili psuu ngati phala. Mumathirako timiyala ta laimu kuti zinyalala ziyandame pamwamba, ndipo miyala imeneyi tili nayo konkuno, a ku Changalume akudziwa. Kunja amagwiritsa coke, malasha ootchedwa popanda mpweya, chifukwa safumbutuka msanga. Makala a mitengo amathanso koma amatha ngati mapepala, ndipo poona mmene phiri lathu la Zomba lameteredwa ine sindingalimbikitse zimenezo.

Makolo athu anali ndi ng'anjo ndi mvukuto, zotsalira zake zikadalipo ku Kasungu, kungoti iwo samachisungunula kukhala madzi, ankatulutsa chibuma nkuchisula ndi nyundo.

Chondiwawa n'choti zitsulo zakuthazi tikugulitsa pa sikelo motchipa, malole nkumapita nazo, pamene anyamata a mapotowa luso la chikombole cha mchenga ali nalo kale m'manja. Wosema ziboliboli atasema nkhope ya mtengo, iwo nkuidinda mumchenga nkuthiramo chitsulo chosungunuka, bwenzi tili ndi chosema choti chiswe sichingayerekeze n'komwe. A ku Nasawa Technical ndi a zaluso ku yunivesite, bwanji osamanga imodzi yoyesera?

Koma wina asakayese kuseri kwa nyumba atavala mapatapata chonde. Chikombole chonyowa kwambiri chimaphulika, madzi akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1,700, ndipo utsi wa ng'anjoyo uli ndi carbon monoxide, mpweya woipa womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nthawi ya Juni.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba